Kusiyana kwa jenereta yanga yakale ndi Honda EU22i: mawatsi si nkhani yonse, onaninso mtundu wa magetsi omwe ikutulutsa

Anthu ambiri akamafuna kugula jenereta funso lawo ndi limodzi basi, "ndi ya mawatsi angati?" Akamva kuti 3000 kaya 3500 ndiye mtima pansi, atulutsa ndalama, ayikweza pa kabaza ulendo kunyumba. Inenso ndinagula choncho ndipo ndinalira nazo, nde ndati ndilembeko zomwe ndaona pa majenereta awiri omwe ndagwiritsa ntchito pa kashopu kanga kuno ku Area 25, ina ya wamba ija ya chitsulo chozungulira yaphokoso, ina ya inveta (yokhala ndi bolodi yosalaza magetsi) ya Honda EU22i yomwe ndili nayo pano.

Shopu yanga ndi ya zosindikiza, fotokope, kutayipa ma CV ndi makalata, kuphatikizapo kutchaja mafoni. Khomo loyandikana nalo kuli mphwanga amameta anthu, ndiye waya umodzi umapita kwa iyeyo, timagawana za petulo kumapeto kwa sabata (akakumbukira kkkk). Mu January 2022 namondwe wa Ana atawononga Kapichira dziko linataya pafupifupi ma megawatt 130 nthawi imodzi, mukukumbuka mmene zinalili, magetsi kumapita mmawa kubwera anthu atagona, ndipo zinatenga chaka ndi miyezi kuti Kapichira ibwerere. Bizinesi ngati yangayi popanda magetsi ndiwe mlonda wa mapepala chabe. Nde ndinakoka ka ndalama komwe ndinasunga nkukagula jenereta mtauni. Dzina lake sinditchula, zilipo zambirimbiri zofanana, mtundu wa penti ndi sitika ndi zomwe zimasiyana.

Kunena chilungamo sabata yoyamba ndinkadzimva ngati bwana. Chingwe kukoka kawiri yalira, mababu ayaka, makasitomala omwe ankabwerera kwa anzanga onse kumathera kwa ine. Koma tizinthu tina tinayamba kuoneka tomwe poyamba ndinkangoti aaa ndi mmene zimakhalira. Ka UPS ka kompyuta kanga (kabokosi ka batire kogwirira kompyuta magetsi akathima) kankangoti thee thee thee osalekeza, kulowa ku batire, kubwerera, kulowanso, mpaka batire kutheratu kompyuta nkuthima jenereta ikulira bwinobwino panja. Fani inkang'ung'udza mawu ena ake omwe pa ESCOM sinkawamva, ukaigwira kumbuyo kuli moto. Pulinta yanga ndi ya laser, ndiye mkati mwake muli kachitsulo kotenthetsa inki ya ufa ija kuti imatirire pa pepala, kameneko kakayamba kukoka moto mababu onse ankaphethira ndipo jenereta panja inkamveka kubuula ngati galimoto yolemedwa pa chitunda. Chomwe chinandiseketsa kwambiri ndi mashini ometera a mphwanga. Aja a waya aja amanjenjemera motsatira magetsi omwe akulowa, ndiye ine ndikangodina print kuno, uko mashini asintha nyimbo ali pamutu pa munthu, nthawi zina kuchita phokoso la gwegwegwe mpaka kasitomala kudzidzimuka. Mphwanga ankangokuwa kuti "achimwene dikirani kaye ndimalize mzere uwu!"

Tsiku lomwe ndinalira linali Lachisanu lina, ndili kalikiliki kupanga fotokope mapepala a mayeso a sukulu ina ya pulayiveti. Petulo anatha ndisakudziwa. Amene munamvapo jenereta ikamatha mafuta mukudziwa, siimangothima mwaulemu, imayamba yakwera, yatsika, yakweranso ngati ikutsamwa, ndipo nthawi yonseyo magetsi akulowa mu zipangizo akuvinanso chimodzimodzi. Ndisanathamange kukazula pulagi fotokope inali itanunkha kale. Bolodi ya moto inapsa. Chaja imodzi ya mafoni ya makomo ambiri inapitanso tsiku lomwelo.

Amene anandikonzera ndi mdala wina wokonza ma TV ndi mawailesi kuseri kwa msika, munthu wosalankhula zambiri koma tsiku limenelo anandikhazika pansi. Anabwera ndi mita yake yoyezera, yomwe imaonetsa ma volt komanso ma hertz. Apa ndi pomwe ndinamvetsa nkhani yonse ndipo ndiyesa kuifotokoza mmene anandifotokozera.

Magetsi athu kuno ku Malawi ndi 230 volts, 50 hertz. Ma hertz amenewo ndi kuchuluka kwa maulendo omwe magetsi amapita nkubwerera pa sekondi imodzi, nde ka 50. Jenereta ya wamba ilibe nzeru ina iliyonse yopangira 50 ameneyo, injini ndi koyilo zili pa shafti imodzi, ndiye kuti patuluke 50 hertz injini iyenera kuzungulira ka 3000 pa mphindi, osapitirira osachepera. Ndi chifukwa chake imalira mofanana tsiku lonse kaya mwalumikiza babu limodzi kaya shopu yonse, ndipo imamwa petulo ngakhale isakugwira ntchito yeniyeni. Chomwe chimayesa kusunga liwiro limenelo ndi gavanala, ka sipuling'i ndi timikono tachitsulo tomwe timakoka thirotulo. Mukaika katundu wolemera mwadzidzidzi injini imayamba yafooka kaye, kenako gavanala nkuzindikira, nkuwonjezera mafuta, nthawi zina nkupitiriza muyeso. Mkati mwa kamphindi kameneko ma hertz atsika, ma volt atsika, kenako zonse zalumpha. Pa mita ya mdala uja tinaona ndi maso, popanda katundu inali cha mma 52 hertz, pulinta ikayamba inkagwa pansi pa 50 nkumayendayenda isanakhazikike. Ma volt nawo osakhala malo amodzi. UPS ija sinali yowonongeka ayi, inkangokana magetsi omwe inkawaona kuti sali bwino, ntchito yake ndi imeneyo.

Koma palinso chachiwiri chomwe mita wamba siionetsa. Mdala anajambula pa katoni mzere wokwera nkutsika bwinobwino ngati mafunde a pa nyanja kukakhala bata, anati awa ndi magetsi abwino, sine wave. Kenako anajambula wina wa mano mano, nsonga zophwanyika, anati awa ndi omwe amatuluka mu majenereta ambiri otchipa, makamaka aja opanda AVR (kachipangizo kowongolera ma volt) omwe amangodalira kapasita. Kupindika kumeneko akatswiri amakutcha THD ndipo amakuyeza mu maperesenti. Majenereta a inveta abwino opanga ake amalemba kuti ndi pansi pa 3 peresenti, pomwe a wamba otchipa amatha kupitirira 10 ngakhale 20 akalemedwa. Mano mano amenewo ndi omwe amatenthetsa ma mota ndi ma thiransifoma, ndiye kung'ung'udza kwa fani kuja. Anandichenjezanso kuti mita zotchipa zambiri zimawerenga molondola pokhapokha mzere uli wosalala, ukakhala wopindika zimanama, imatha kukuonetsani 230 yokongola pomwe zenizeni ndi zina. Yofunika ndi yolembedwa True RMS. AVR imathandiza ndithu, imagwira ma volt kuti asamayendeyende kwambiri, koma ma hertz siiwakhudza chifukwa amenewo ndi a injini, ndiponso AVR yomweyo ikafa ma volt amatha kuthawira kumwamba kapena kusowa kumene.

Chinthu chimodzi chomwe chinandidabwitsa, ine ndinkaopera laputopu kwambiri koma mdala anaseka. Anati tembenuza chaja uwerenge. Palembedwa 100-240V, 50/60Hz. Machaja amenewa amalandira magetsi osiyanasiyana chifukwa amayamba awasandutsa kaye mkati mwake, ndiye kuvina pang'ono sawerengera. Chomwe chimawapha ndi kulumpha kwadzidzidzi kuja, monga pothera mafuta kapena pozimitsa jenereta zinthu zili zolumikiza. Zomwe zimavutika tsiku ndi tsiku mwakachetechete ndi za mota, filiji, fani, pampu, ndi zipangizo zomwe zili ndi bolodi yosachedwa kukhumudwa ngati fotokope yangayi. Nde amene amakuuzani kuti jenereta ya wamba imaotcha foni iliyonse nthawi yomweyo akukokomeza, ine ndinatchaja mafoni mazanamazana pa yakale ija osapsa. Koma amene amati palibe kusiyana nayenso sanalipirepo bolodi ya fotokope.

Honda ndinaipeza kudzera kwa alamu anga omwe amagwira ntchito ku Joni, anaitumiza ndi ma transporter aja. Ubwino wake South Africa nawo ndi 230 volts 50 hertz ngati ife, kusiyana ndi soketi basi, kwawo ndi ya mapini atatu ozungulira pomwe ife ndi ya makona ija ya ku Britain, ndiye ndinangopangitsa waya wabwino wokhuthala wa pulagi ya kwawo mbali imodzi, osati ti adaputa totchipa tija timasungunuka. Apa ndichenjeze amene muli ndi abale ku America, za kumeneko ndi 120 volts 60 hertz, dzina limafanana pang'ono (kumeneko amaitcha EU2200i) koma kuno siikuthandizani. Za ku Japan nazo ndi 100 volts. Funsani kaye musanatumize ndalama.

Nditaitulutsa mu katoni ndinakhumudwa pang'ono, ka chinthu kofiira ngati sutikesi, makilo 21 okha, ndimanyamula ndi dzanja limodzi. Mphwanga anati "achimwene akupusitsani, aka ndi ka wailesi". Injini yake ndi ya 121cc, thanki malita 3.6, mphamvu yake 2200 pa nsonga koma yogwira nayo ntchito nthawi yaitali ndi 1800. Poyerekeza ndi sitika ya yakale ija ndiye ngati ndabwerera mmbuyo.

Kagwiridwe kake ndi kosiyana kotheratu. Injini imapanga magetsi ake osalongosoka, a ma hertz ambirimbiri, kenako amasandutsidwa DC ngati a mu batire, ndiye bolodi ya inveta nkuwaumbanso mwatsopano kukhala 230 volts 50 hertz yosalala. Kutanthauza kuti ma hertz sakudaliranso liwiro la injini. Injini itha kutsika kapena kukwera, zotuluka ku soketi zili pomwepo. Tinaikanso mita ya mdala ija, 50 hertz inangoima njii ngati yojambula, pulinta kuyamba, kusiya, kuyambanso, nambala osasuntha kupatula ka kadontho kumapeto. Ma volt amagwedezeka pang'ono katundu wolemera akalowa koma nkubwerera msanga. UPS inasiya kulira tsiku lomwelo. Fani ili zii. Mashini a mphwanga akuimba nyimbo imodzi kuyambira mmawa mpaka madzulo, moti pano sadziwanso ngati tili pa ESCOM kapena pa jenereta mpaka atatuluka panja. Kunena zoona masiku ena madzulo magetsi a mu laini yathu akafooka chifukwa aliyense wayatsa hotplate, a ka Honda aka amakhala okhazikika kuposa a pa khoma.

Pali ka switch kolembedwa Eco Throttle. Mukakayatsa injini imatsika yokha katundu akachepa nkukwera akachuluka, nde petulo amapita mochepa ndiponso phokoso limatsika mpaka mumacheza ndi kasitomala osakuwa. A Honda amati pa kota ya mphamvu yake thanki imodzi imatha maola pafupifupi 8, ikadzazidwa katundu ndi maola atatu ndi kanthu. Kwa ine tsiku la kompyuta, mababu, machaja ndi mashini ometera, kusindikiza apo ndi apo, zimayandikira ku maola ambiriwo. Amene munagonapo pa mzere wa pa filling station ndi chigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta ija mukudziwa kuti lita imodzi yopulumutsa si nkhani ya ndalama yokha. Koma ndaphunzira kuti ndikakhala ndi ntchito yaikulu ya fotokope ndimakathimitsa ka Eco, chifukwa injini ikakhala pansi ndiye mashini nkukoka moto mwadzidzidzi, pamatenga kamphindi kuti ikwere ndipo mababu amaphethira pang'ono. Ikakhala kale pa liwiro lonse palibe chimachitika. Chimodzimodzi filiji, kompuresa yake poyamba imakoka kangapo kuposa zomwe zalembedwa kumbuyo kwake, ndiye osawerengera mawatsi a pa sitika okha.

Chomwe muyenera kudziwa musanagule, 1800 ndi 1800 basi. Ketulo zambiri za magetsi ndi 2000 kupita mtsogolo, ayironi ndi hotplate nazo zimakoka moto wambiri. Tsiku lina mtsikana wondithandiza anaika ketulo fotokope ikuyenda, ka nyali kofiira ka overload kanayaka, magetsi nkuduka injini ikulirabe. Palibe chinapsa, ndinangozula ketulo, kuthimitsa injini nkuyatsanso basi. Yakale ija ikanangobuula nkumapereka magetsi ofooka mpaka china chake chitapsa, iyi imakana poyera, ndipo ine khalidwe limenelo ndimalikonda. Kumbukiraninso kuti Lilongwe ili pamwamba, mamita opitirira 1000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepukirapo ndiye injini iliyonse ya petulo imataya mphamvu, pafupifupi 3.5 peresenti pa mamita 300 aliwonse. Wa ku Nsanje ndi wa ku Dedza atagula jenereta yofanana sapeza mphamvu yofanana. Komanso sitika zambiri zimalemba kVA osati kW, manambala awiriwa si amodzi nthawi zonse, pa majenereta ambiri muchotsepo gawo limodzi mwa magawo asanu kuti mupeze mawatsi enieni.

Za mtengo ndiye musandifunse, ndi yowawa. Ndalama ya ka sutikesi aka mutha kugula majenereta a wamba angapo nkutsala ndi chenji, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zochokera kunja ngati izi zinangothawiratu. Ndiponso bolodi ya inveta ikadzafa si chinthu choti mdala wa kuseri kwa msika amangenso ndi waya ngati koyilo, ndi kugula ina yathunthu. Yakale ija ubwino wake ndi umenewo, makaniko aliyense wa njinga zamoto amaitsegula, ma spare ali pali ponse. Ndi chifukwa chake iyi ndimaisamala ngati mwana, siigwira mvula, oyilo ndimasintha pa nthawi yake (amalowa wosakwana theka la lita, ndipo akachepa imadzithimitsa yokha), petulo wa mzigubu za mmbali mwa msewu ndimasefa kaye. Usiku imagona mnyumba chifukwa kupepuka komwe ndikukuyamikiraku akuba nawonso amakukonda.

Samalaninso ndi mawu oti inveta, asokoneza anthu ambiri. Inveta ya sola kapena ya batire ndi chinthu china, ndipo zotchipa zambiri zimatulutsa zomwe amati modified sine wave, magetsi a makona ngati masitepe, amenewo fani ndi filiji zimadana nawo kuposa a jenereta ya wamba. Palinso majenereta ofiira ofanana ndi Honda mpaka zilembo koma si enieni, nde onani nambala ya injini ndi mapepala ake. Sindikunena kuti inveta yabwino ndi Honda yokha ayi, Yamaha ali nazo, ndipo pali zina zotsikirapo mtengo zomwe anthu akugwiritsa ntchito. Ngati mungathe pitani ndi mita ya ma hertz kogulako, muuzeni wogulitsa ailize, lumikizani chinthu cholemera ngati ayironi yaing'ono muone ngati nambala ikusuntha. Akakana kuiliza ndiye mwadziwa kale.

Ziwiri izi ndinene mwachidule chifukwa zimapha anthu, kaya jenereta ndi ya mtundu wanji. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, sununkha suoneka, munthu amangogona osadzukanso. Chifukwa choti Honda ndi yachete anthu amakopeka kuiika mkati kapena pakhonde lotseka kuopa akuba, chonde ayi, panja patali ndi mawindo. Chinanso ndi chizolowezi chija cholumikiza jenereta ku soketi ya pakhoma ndi waya wa mapulagi mbali zonse. Mukaiwala kutsitsa main switch magetsi anu amabwerera mu laini nkukamenya wa ESCOM yemwe ali pa polo akuganiza kuti laini ndi yakufa, ndipo magetsi akabwera jenereta yanu yapita. Itanani wamagetsi akuikireni changeover switch, yomwe imachotsa kaye nyumba pa laini ya ESCOM musanalowe pa jenereta, ine anandiikira tsiku limodzi.

Nde kwa amene mukufunsa kuti ndigule iti, ine ndimayankha ndi funso, mukufuna kulumikiza chani? Ngati ndi grinder, pampu ya kudimba, mababu a pa ukwati kapena pa maliro, zokuzira mawu zakale zija zosamva kanthu, ya wamba yokhala ndi AVR ikukwanirani ndipo mupeza mawatsi ambiri pa ndalama yochepa, bola muzizula zonse musanaithimitse ndipo musamailole kutha mafuta ili ndi katundu. Ngati ndi fotokope, kompyuta za mu ofesi, filiji ya mankhwala, zipangizo za studio, kapena mumagwira ntchito pa intaneti usiku aneba atagona, ya inveta ndi yomwe ine ndingakuuzeni, ngakhale mudikire miyezi ingapo mukusonkha. Pa zisanu Honda ndiipatsa zinayi ndi theka, theka ndachotsa chifukwa tiyi ndimawiritsabe pa mbaula.

Yakale ija sindinataye. Ndinaibwereketsa kwa mnyamata wina wopanga mageti ndi ma burglar bar kumunsi kwathu, amayendetsera grinder ndi drill, akuti ilibe vuto lililonse ndipo akufuna aigule. Tikukambirana mtengo, iye akuti ndichotseko chifukwa chingwe chokokera chinaduka, ine ndikuti anadula ndi iyeyo.